Mnzako akati ndibwerekeko buku longochotsera kutopa

Alamu anga anandipeza Loweruka lina ndili chigonere pamkeka, buku kumaso, ndikuseka ndekha ngati mutu wazungulira. Ndiye akuti alamu, nane ndipatseniko kanga kotere koti ndiziwerenga ndikaweruka kuntchito, mutuwu uzipumako. Ine pofuna kuoneka kuti ndine munthu wowerenga zozama ndinalowa kuchipinda nkutulutsa Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza ija ya 1992, nkhani za ndale, umphawi ndi ndende. Patatha miyezi itatu buku linabwera lili bwinobwino, lopanda ndi khwinya lomwe, tikiti ya basi ili phee pa tsamba 14. Bukulo ndi labwino zedi, wolakwa ndinali ine, munthu wapempha thobwa ine ndampatsa nsima ya mgaiwa ndi nyemba.

Chiyambire tsiku limenelo ndisanampatse munthu novel ndimayamba ndamufunsa kaye mafunso ngati kuchipatala. Uziwerengera kuti, nthawi yanji? Likuoneka ngati funso lopanda pake koma ndi lomwe limagamula nkhani yonse. Wowerengera mu minibasi kuchokera ku Ndirande kupita mu town akufunika buku la machaputala afupiafupi, oti atha kumaliza limodzi kondakitala asanayambe kutolera ndalama, osati chaputala cha masamba 30 choti mawa akatsegula waiwala kale kuti uja akulirayu ndani. Wowerenga usiku magetsi atazima, ndi tochi ya pafoni kapena kandulo, muonereni zilembo zikuluzikulu, pali mabuku ena otchipa aja amalembedwa tizilembo tangati nyerere pa pepala lachikasu, tsamba limodzi maso ayamba kale kutuluka misozi. Mayi woyamwitsa yemwe dzanja limodzi lanyamula mwana, buku likhale laling'ono logwirika ndi dzanja limodzi basi.

Kenako mufunseni chinthu chomaliza chomwe chinamusangalatsa, ndipo chisakhale buku ayi chifukwa ambiri angakuuzeni la ku sekondale lomwe anawerenga mokakamizidwa ndi mayeso. Funsani filimu, sewero la pawailesi, ngakhale nkhani za pa Facebook zija anthu amalemba zidutswazidutswa nkumati gawo lina mawa. Akati amakonda za apongozi ndi akamwini kukokanakokana, mwadziwa. Akati za apolisi kusaka chigawenga, mwadziwanso. Pali ena safuna kuti mu nkhani mufe munthu, ena popanda mtembo pa tsamba loyamba tulo tawapeza kale.

Tsopano bukulo muliyese nokha musanalipereke, ndipo likhale loti mwaliwerenga posachedwa, osati lomwe mukungolikumbukira kuti linali bho muli Form 2, zambiri zoterozo mukazitsegula lero mupeza kuti chomwe chinkakoma chinali unyamata wanu. Ine mayeso anga ndi awa, ndimawerenga masamba awiri oyamba chiimirire. Ngati ndakhala pansi osazindikira, buku lakhoza. Ndikatero ndimatsegula pakati paliponse nkuyang'ana mmene tsamba likuonekera, ngati muli anthu akuyankhulana, mizere ifupiifupi, malo oyera ambiri, limenelo limayenda. Koma ngati tsamba lonse ladzadza thothotho ngati khoma la njerwa, wolemba akufotokoza mtambo ndi mitengo ndi maganizo a munthu ali pawindo, lisungireni tsiku lina. Ndimawerengeranso mayina, chaputala choyamba chikakhala ndi anthu oposa asanu kapena asanu ndi mmodzi oti uwasunge mmutu, wotopa uja sapirira. Ndipo buku lomwe likuyamba ndi chithunzi cha mtundu wonse wa banja, agogo, zidzukulu, mizere kulozana uku ndi uku, ndimangolibwezera pa shelefu mwaulemu.

Chizungu chake nachonso muyang'ane. Munthu akamayenera kutsegula dikishonale katatu pa tsamba limodzi ndiye kuti ali mkalasi, sakupuma.

Anthu ambiri amagwera pa kafotokozedwe. Wina amangoti ndi labwino heve, ungoliwerenga, zomwe sizikopa munthu, wina ndiye amakufotokozera nkhani yonse mpaka yemwe anapha, nkumaliza ndi koma uliwerengebe. Nenani ziganizo zitatu kapena zinayi, munthu wake ndani, vuto lomwe lamugwera ndi lotani, nkusiyira pomwepo pakamwa pali pululu. Mwachitsanzo lomwe ndamaliza mwezi wathawu, My Sister, the Serial Killer la Oyinkan Braithwaite, linatuluka 2018, ndimalinena chonchi: ku Lagos kuli nesi wina, mng'ono wake ndi chiphadzuwa koma ali ndi kakhalidwe kopha zibwenzi zake, ndipo akapha amaimbira mkulu wakeyo kuti abwere ndi zokolopera. Ndiye tsiku lina chiphadzuwa chija chayamba kucheza ndi dokotala yemwe nesiyo amamufuna mumtima. Basi, ndimasiyira pomwepo, ndipo sindinaonepo munthu wosatambasula dzanja. Machaputala ake ena ndi tsamba limodzi lokha, umati ndiwerengeko kamodzi komaliza kenako wangomva tambala.

Koma limenelo sindingawapatse azakhali anga a ku chigwirizano, angandiyitanitse abusa. Iwowo ndinawapatsa la Mma Ramotswe, The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, loyamba linatuluka 1998. Mayi wa ku Botswana wagulitsa ng'ombe zomwe anamusiyira malemu bambo ake nkutsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone, milandu yakenso ndi yathu yomweyi, mwamuna wasowa, wina akunamizira kuti ndi bambo ake a munthu kuti azidya zaulere, ndipo zambiri zimathera pa kapu ya tiyi ndi nzeru za umunthu, mfuti simuziona kwenikweni. Ubwino wa mabuku otsatizana ngati amenewa, omwe apitirira 20 tsopano, ndi woti munthu akakonda loyamba simuvutikanso kuganiza, amadzipezera yekha njira. Ngakhale ine pandekha ndikawerenga atatu motsatizana ndimayamba kumva ngati ndadya shuga wambiri, ndimafuna kena kowawasa pakati.

Amene anakula zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akudziwa ma Pacesetters a Macmillan aja, timabuku topyapyala tolowa mthumba la yunifolomu, olemba ake a konkuno ku Africa, za chikondi, akuba, azondi, ndipo Mmalawi mnzathu Dede Kamkondo analembamo lake lotchedwa Truth Will Out. Tinkawerenga tabisa mkati mwa buku la Biology. Munthu yemwe wakhala zaka khumi osagwira novel muyambitseni ndi kotere, akamaliza mmasiku awiri amadzimva kuti ndine munthu ndithu, nkubwera yekha kudzafuna lina. Ndipo musaiwale za Chichewa, anthu timathamangira Chizungu ngati kuti kuseka kumafuna galamala. Sikusinja ndi Gwenembe la a Gwengwe kapena Njala Bwana la a Willie Zingani mutha kuwerenga mokweza pakhonde madzulo, agogo ndi ana onse nkumvera limodzi, vuto lake ndi loti ambiri tinawadziwira mkalasi ndiye timawaona ngati ntchito, koma tawerenganinso popanda mphunzitsi wofunsa mutu wa nkhani muone.

Kopeza mabukuwa nkosavuta mmene anthu amaganizira. Anyamata oyala mabuku akale mmbali mwa msewu ku Limbe, mu Blantyre ndi ku Lilongwe amakhala ndi milu ya James Hadley Chase, Sidney Sheldon, ma Mills & Boon, kaunjika weniweni, ndipo mtengo mumanenerera ngati wa tomato. Chinthu chimodzi chokha, musanapereke ndalama tembenuzani buku muone tsamba lomaliza ngati lilipo. Ndinagulapo lina la zofufuza wakupha, ndawerenga masiku anayi mtima uli mmwamba, kufika kumapeto masamba asanu omaliza kulibe, wina anayatsira mbaula kaya anakulungira mtedza, mpaka lero sindidziwa anapha mzimayi uja ndani. Onaninso pakati ngati manambala a masamba akutsatana, ndipo linunkhizeni, lachinyezi limayetsemulitsa. Kulinso malaibulale a National Library Service mmizinda ndi mmaboma ena, mumalembetsa nkumabwereka, njira yabwino yoyesera wolemba yemwe simukumudziwa osataya ndalama.

Pobwereketsa perekani limodzi. Mukapereka atatu munthu amasokonezeka, amayamba ili nkusiya, kuyamba ilo nkusiya, mapeto ake onse atatu ali pansi pa bedi. Lembani dzina lanu mkati komanso mmbali mwa masamba muja, poti chikuto chimathothoka, ndipo lijambuleni pafoni lili mmanja mwake, mukuseka, kuti tsiku lokana pakhale umboni. Buku lomwe simungapirire kulitaya musabwereketse nkomwe, muuzeni dzina akasake yekha.

Ndipo mumuuze poyera kuti akafika tsamba 40 lisakumukoka alisiye, abweze, simukwiya. Anthu amasunga buku miyezi chifukwa cha manyazi, akuopa kuti mufunsa walimaliza, ndiye amayamba kukuzembani ngati muli nawo ngongole. Musamufunsefunse ngati mphunzitsi. Akabweza mufunseni chimodzi chokha, unasiyira pati, chifukwa yankho lakelo ndi lomwe likuuzeni loti mumpatse ulendo wina. Akati linachedwa kuyamba, mpatseni la mtembo pa tsamba loyamba. Akati munali zolaula zambiri, Mma Ramotswe alipo.

Alamu aja ulendo wachiwiri ndinawapatsa la nesi wa ku Lagos lija Lachisanu madzulo. Lamlungu mmawa cha mma 6 foni ikulira, ndikuti kwagwa zovuta, koma ndi iwowo, mawu ali okwiya, akuti alamu mtsikana ameneyu bwanji sakumangidwa, ndipo mkulu wakeyu ndi wopusa kapena chani. Ndinawauza kuti amalize kaye. Buku lija panopa lili kwa mnzawo wa kuntchito, akuti likachoka kumeneko lipita kwa mkazi wa mnzawoyo, chikuto chamatidwa kale ndi selotepi.