Kudziteteza ku Moto ndi Madzi M'nyengo ya Chilimwe

Kuyambira mu Seputembala mpaka kugwa kwa mvula yoyamba, dzuwa limaswa mtengo ngakhale kuno ku Mzuzu kumene tidazolowera chisanu. Udzu umauma kuti gwa, ndipo pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, mabanja ambiri amatsetsereka msewu wa M5 kukasangalala ku Chikale, ku Nkhata Bay, ena mpaka ku Chintheche. Ngozi za moto ndi madzi m'nyengoyi zimachitika m'kanthawi kochepa, pamene aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira.

Mukafuna kuwotcha nyama panja, yambani mwalambula malo ozungulira mbaula, ndipo ndowa ya madzi ikhale pambali musanayatse machesi. Pochoka, musanyengedwe ndi phulusa loyera, chifukwa pansi pake makala amakhala akadali amoyo. Thirani madzi, takasani ndi kamtengo, thiraninso, mpaka dzanja likayandikira lisamve kutentha.

Moto wa lupsa ndiwo wawononga kwambiri nkhalango ya Chikangawa, pakuti masamba ouma a paini amayaka ndi kachidutswa ka ndudu chabe, ndipo osaka mbewa akayatsa tchire sangalamule mphepo. Moto wotere ukakupezani, musathawire kumtunda, chifukwa umakwera phiri mofulumira kuposa munthu. Pitani cham'mbali kapena kumunsi, kulunjika pamsewu, pathanthwe kapena pamalo opsa kale. Oyendetsa galimoto pamsewu wa M1 akakumana ndi utsi achepetse liwiro, ayatse nyali, atseke mawindo, ndipo ngati kutsogolo sikukuoneka, abwerere.

Zovala zikagwira moto, munthu asathamange. Agone pansi n'kugubuduka, kapena mumufunditse bulangeti. Pamalo opsawo thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, vulani mphete chala chisanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, zimene ambiri timathamangira, sizichiritsa koma zimadetsa bala. Matuza musawaboole.

Zakunyanja n'zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Mbali yakumpoto ya Nyanja ya Malawi ndiyo yozama koposa, mpaka pafupifupi mamita 700, ndipo ku Nkhata Bay kuli malo amene munthu amayenda pang'ono madzi ali m'chiuno, kenaka n'kupezeka kuti sakupondanso pansi. Mwana akamamira sakuwa: mutu umangoyang'ana kumwamba, pakamwa pakumira ndi kutuluka, manja akupalasa ngati akusewera. Choncho sankhani munthu wamkulu mmodzi, womutchula dzina, amene sakumwa mowa ndipo foni waika m'chikwama, akhale pamene angathe kugwira ana aang'ono atangotambasula mkono. Akatopa auze mnzake momveka kuti, "Achimwene, ana ali m'manja mwanu," mpaka winayo avomere.

Musanalowe m'madzi funsani asodzi a pamalopo, popeza ndiwo amadziwa kumene kuli ng'ona ndi mvuu. Pewani pamene mtsinje ukuthira m'nyanja, pewani m'mabango, momwenso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo musasambe m'bandakucha kapena madzulo kuli chisisira. Amene wamwa mowa asasambire, ngakhale akhale katswiri. Boti lodzaza mopitirira muyeso, kapena lopanda majekete oyandamitsa, musakwere, ndipo asodzi akanena kuti nyanja yakalipa, mverani.

Wina akayamba kumira, musadumphiremo ngati simudaphunzire kupulumutsa anthu, chifukwa womira amakakamira aliyense ndi mphamvu zoopsa. Kuwani kuti anthu abwere, gonani chafufumimba kuti angakukokereni m'madzi, ndipo mupatsireni nsungwi, nkhafi kapena chitenje. Ngati ali patali, muponyereni chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, chimene chimayandama ndithu. Akavuulidwa, musataye nthawi ndi kumufinya pamimba. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali. Ngati sakupuma, mupumireni m'kamwa ndi kudinikiza pachifuwa mosalekeza, wina akufuna galimoto. Ngakhale atadzuka n'kumalankhula, mupititseni kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto la kupuma patapita maola angapo.