Mmene mungakonzere silabasi limodzi ndi ophunzira anu

Anzanga ophunzitsa ku Chanco ndi ku Domasi, ambirife semesita ikayamba timangolowa m'kalasi ndi course outline yotayipa kale, kugawa, basi. Ulendo uno pitani nayo yosatha, ophunzirawo amalizitse nanu.

Poyamba auzeni mosabisa zomwe sizingasunthe. Zolinga za kosi zidadutsa kale ku Senate ya yunivesite komanso ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, mayeso omaliza alipo ndithu, amenewo palibe zokambirana. Inu a ku sekondale mpata wanu ndi wochepa chifukwa silabasi imachokera ku MIE, bungwe lokonza masilabasi a sukulu, ndipo a MANEB amafunsa zomwezo, komabe zitsanzo ndi ndondomeko ya mitu zili m'manja mwanu.

Kenako asiyireni zinthu zenizeni zoti asankhe, osati zongowasangalatsa. Mutu uti uyambe, asayimenti ikhale yolemba kapena yofotokoza pagulu, ma deadline agwe sabata iti kuti asawombane ndi a makosi ena, pajatu iwo ndi amene amadziwa sabata yomwe matesiti amaunjikana, inu simungadziwe muli mu ofesi. Zitsanzo ndiye apatseni ufulu wonse. Ngati ndi kosi ya zachilengedwe mwina afuna kukamba za nyanja ya Chilwa yomwe idaphwa mu 1995, kapena za zinyalala mu mtsinje wa Likangala, ndipo wina mwa iwo kwawo ndi konko, akudziwa zomwe buku silinena.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri: mukangofunsa pakamwa ayankha ndi omwe aja olankhulalankhula a kutsogolo. Gawani timapepala aliyense alembe osaika dzina, zomwe akufuna kuphunzira ndi zomwe zimamuvuta. Mudzamva za wokhala ku Chikanda yemwe alibe laptop, za bandulo yomwe siikwanira kutsitsa ma PDF akuluakulu, ndipo zimenezi zisinthe mndandanda wa zowerenga, muikemo mabuku oti alipodi mu laibulale. Class rep asonkhanitse za omwe sanabwere kudzera pa gulu la WhatsApp.

Sabata yachiwiri bweretsani outline yomaliza, muonetse maganizo omwe mwatenga, omwe mwakana munene chifukwa chake, musangokhala chete ayi, zimawawa munthu kulemba maganizo kenako osamvanso kanthu. Kope ina ipite kwa a HoD, mkulu wa dipatimenti. Pakati pa semesita patulani mphindi 20 muiwerengenso limodzi, ngati mutu wina watenga nthawi yaitali mugwirizane pomwepo deti yatsopano ya asayimenti ndipo ilembedwe.