Momwe mungakonzekerere mayeso a kuimba limba

Ambiri mwa ife amene timaimba limba m'mipingo ya muno mu Blantyre tinaphunzira ndi khutu ndiponso solofa, koma mayeso opatsa satifiketi amafuna munthu wodziwa kuwerenga manotsi a pa mizere isanu. Ngati simunafike pamenepo, yambani ndi zimenezo.

Choyamba, sankhani bungwe loyesa. ABRSM ya ku London, yomwe inakhazikitsidwa mu 1889, ili ndi magiredi kuyambira 1 mpaka 8, ndipo simungalowe giredi 6 musanaonetse kuti munakhoza giredi 5 ya chiphunzitso cha nyimbo kapena mayeso ena amene iwo amawavomereza m'malo mwake. Pamwamba pake pali Royal College of Organists ya mu 1864, imene imapereka madipuloma a ARCO ndi FRCO. Ine ndinatsata njira ya ABRSM yotumiza vidiyo, imene imafuna nyimbo zinayi zoimbidwa motsatizana osadula kujambula, ndipo malikisi 100 pa 150 ndiwo okhozera.

Chachiwiri, tengani silabasi yatsopano pa intaneti musanagule buku lililonse. Mabuku enieni amachokera kunja ndipo mtengo wake umakwera kwacha ikagwa, choncho pali anthu amene amagulitsa mafotokope motchipa, koma ena mwa iwo ndi a silabasi yakale, ndiponso masamba ena amakhala atadulidwa mzere wam'munsi, umene ndiwo wa makiyi oponda ndi mapazi.

Mapaziwo ndi amene anandigwetsa ulesi. Kwa miyezi yambiri ndinkayeserera pa kiyibodi kunyumba ku Chilomoni, ndikudziuza kuti manja akakhazikika mapazi adzangotsatira. Nditakhala pa limba lenileni kutatsala masabata atatu kuti ndijambule vidiyo ya mayeso, ndinapeza kuti phazi lamanzere likungotsanzira dzanja lamanzere, ndipo ndikayang'ana pansi kufuna kiyi, maso ankataya mzere papepala. Nsapato zanga za kutchalitchi zinali zotambalala, moti zinkaponda makiyi awiri nthawi imodzi. Ndinasuntha tsiku lojambula ndi miyezi inayi.

Musadikire monga ndinachitira ine. Pemphani abusa kapena akuluampingo amene ali ndi limba la makiyi a kumapazi kuti akupatseni maola awiri kapena atatu pa sabata, ngakhale zitatanthauza kuwaimbira pa maukwati popanda malipiro. Yambani ndi mapazi okha, chidendene ndi zala mosinthana, mawondo ali pafupi, osayang'ana pansi. Kenaka phatikizani mapazi ndi dzanja lamanzere lokha, pang'onopang'ono, chifukwa vuto lonse limabisala pamenepo; dzanja lamanja libwere pomaliza. Lembani ndi pensulo papepala phazi limene liponde notsi iliyonse, ndipo musasinthenso. Nsapato zikhale zopapatiza, zachikopa chosalala kunsi, zokhala ndi chidendene chachifupi. Za kunja n'zodula. Ine ndinagula zakaunjika ku msika wa Limbe, wosoka nsapato n'kundiikira chikopa chatsopano, ndipo sindiyendera panja.

Zotsalazo n'zapafupi. Lembani masitopu (mabatani osinthira mawu a limba) a nyimbo iliyonse kuti musasokonezeke pakati, jambulani kangapo moyeserera, ndipo ikani foni pamalo poonetsa manja ndi mapazi. Funsani ndondomeko ya kuzima kwa magetsi m'dera la tchalitchicho, ndipo pewani Loweruka, pamene makwaya amakhala akuphunzira panja pa zenera.