Left 4 Dead 2: kusewera nokha kapena ndi anzanu

Ngati mwangoyamba kumene Left 4 Dead 2, gemu yowombera mazombi ya kampani ya Valve ya 2009 ija, yambani mwasewera nokha kuti muzolowere njira. Mumakhala gulu la anthu anayi; mukamasewera nokha, anzanu atatuwo amayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo sipafunika intaneti. Ma bot amenewa amadziwa kuwombera, moti Smoker (zombi ya lilime lalitali) akakukolani ndi lilime lake amakupulumutsani msanga. Koma musawadalire kwambiri. Satola pipe bomb (bomba loponya) kapena molotov (botolo loyatsa moto), choncho muzinyamula nokha, ndipo molotov muzisungira Tank (zombi yaikulu yamphamvu kwambiri). Amapupulumanso kukupatsani mankhwala musanavulale kwenikweni, zomwe zimangowononga mankhwalawo. Choipa kwambiri n'chakuti inuyo mukafa, mwalephera pomwepo ndipo mumayambiranso gawolo ngakhale atatuwo ali moyo. Ndiye musamawasiye kutali, chifukwa Hunter (zombi yolumphira anthu) akakugwetsani simungadzipulumutse nokha.

Ndi anthu enieni m'pomwe imakoma, kungoti zipolopolo za mnzanu zimakuvulazani, makamaka pa Expert (mlingo wovuta kwambiri). Amene ali kutsogolo azinjuta kuti akumbuyo aziwombera pamwamba pake. Mukamva Witch (zombi yaikazi yoopsa ikaputidwa) akulira, zimitsani matochi n'kumulambalala. Pagulu sipalephera mmodzi wofuna kumuputa dala, ameneyo muchenjezeretu musanayambe.