Mafuta odzola atsopano: yambani mwawayesa pamkono

Mayi akabwera kuchipatala nkhope itatupa, ikuyabwa, tinsungu tili mbwee, timayamba ndi kufunsa chomwe wadzola. Nthawi zambiri amatulutsa m'chikwama kabotolo kopanda dzina, kogula pabenchi mumsika, komwe wogulitsa anasakaniza yekha.

Mafuta oyeretsa khungu ndiwo amatidetsa nkhawa kwambiri. Ena amakhala ndi mercury, yemwe amalowa m'magazi n'kuwononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika ngakhale kwa mwana ali m'mimba. Ena ali ndi hydroquinone: poyamba khungu limayera ndithu, koma pakapita nthawi pamasaya pamabwera zigamba zakuda bii zovuta kuchotsa. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzola mu 1990. Palinso clobetasol, mankhwala a kuchipatala omwe amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kumaonekera.

Kayesedwe ka mafuta odzola atsopano nkosavuta. Pakani pang'ono, ngati kambewu ka nyemba, mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono, m'mawa ndi madzulo, kwa sabata yathunthu. Musapupulume, chifukwa thupi lina limayamba kukana pakatha masiku awiri kapena atatu. Mankhwala akuda opaka tsitsi, omwe ambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD omwe matupi ena amakana, yesani kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48. Pakafiira, pakayabwa kapena pakatuluka matuza, tsukani ndi madzi ambiri ndipo musawapakenso. Milomo kapena zikope zikatupa, kapena mukamabanika, thamangirani kuchipatala, botololo lili m'manja.

Koma dziwani kuti kuyesaku sikugwira mercury. Iye nthawi zambiri sayabwitsa, amapweteka mwakachetechete. Ndiye botolo lopanda mndandanda wa zomwe zilimo ndi tsiku lotha ntchito lisiyeni pomwepo, ngakhale litatchipa chotani.

Nawo mafuta oteteza ku dzuwa si kuti alibe mlandu. Mu July 2021 kampani ya Johnson & Johnson inachotsa pamsika ku America ena opopera a Neutrogena ndi Aveeno atapezeka ndi benzene, yemwe amayambitsa khansa ya m'magazi. Abale athu achialubino, nkhani imeneyi isakusiyitseni kudzola. Dzuwa ndiye mdani wamkulu wa khungu lanu. Omwe mumadzola akamakuyabwani, funsani a zaumoyo za ena okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, a SPF (nambala yosonyeza mphamvu yoteteza ku dzuwa) 30 kapena kuposerapo, ndipo chipewa chachikulu chija chisachoke pamutu.