Mmene mlendo angayendere wapansi m'midzi ndi m'tchire la Kasungu

Dera la Kasungu ndi lachidikha, ndipo munthu amene amangodutsa pa galimoto mumsewu wa M1 amaona minda ya fodya ndi zigafa zokhazokha. Kukongola kwa derali kumaonekera woyenda wapansi, amene amatha kutsikira m'madambo, kulowa m'nkhalango za miombo ndi kukwera mapiri amiyala otumphuka apo ndi apo. Ulendo wotere umakoma mukakhala ndi mwini dera wokutsogolerani.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mvula yatha ndipo dzuwa silinayambe kuswa mtengo. Nyamukani m'mbandakucha mutanyamula madzi okwanira ndi chipewa, mutavala nsapato zotseka ndi buluku lalitali, chifukwa m'udzu wouma mumabisala chitedze. Ngati simunazolowere kuyenda, yambani ndi phiri la Kasungu, lomwe lili pafupi ndi tauni, ndipo mukafika pamwamba mudzaona chigwa chonse chitayalana mpaka kumene maso alekezera.

Njira za m'midzi ndi zimene zimafuna kusamala kwambiri, pakuti mukuyenda pakati pa makomo ndi minda ya eni. Mukafika m'mudzi, yambani mwakaonekera kwa amfumu, mufotokoze kumene mwachokera ndi kumene mukulowera, ndipo muwapemphe munthu wodziwa tinjira. Gwirizanani naye za ndalama musananyamuke. Pakhomo pa munthu muziyamba ndi "odi", podutsa pamene pakhala akuluakulu muzinena "zikomo" mutawerama pang'ono, ndipo musajambule munthu asanavomere. Chachikulu koposa ndi ichi: mukaona kankhalango kowirira katatsala pakati pa minda yolimidwa, musathamangireko kuti mukapume pamthunzi. Nthawi zambiri amenewo amakhala manda, ndipo kwa Achewa kumeneko ndi kumene kumakhalanso dambwe la Gule Wamkulu, malo amene munthu wosameta saloledwa kupondako. Ine ndimaona kuti ichi chokha n'chifukwa chokwanira choyendera ndi mwini mudzi.

Malo osungirako nyama zakutchire a Kasungu, omwe anakhazikitsidwa ngati paki mu 1970 ndipo ndi achiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika, ali ndi malamulo akeake. Musayende wapansi m'menemo popanda mlonda wa paki wonyamula mfuti, ndipo zimenezi muzikonzeretu ndi akuluakulu a pakiyo musanafike pachipata cha Lisitu. Lamuloli si lamwambo chabe, chifukwa mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira kuno kuchokera ku Liwonde, komanso muli njati. Pemphani mlondayo akutengereni ku Black Rock, mwala waukulu umene pamwamba pake mumaona nkhalango mbali zonse, ndiponso akuonetseni ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo ndi zojambula zakale za pamiyala, zomwe simuyenera kuzikhudza ndi manja. Padamu la Lifupa pali mvuu, choncho musaime pakati pa mvuu ndi madzi, makamaka m'mawa pamene zikubwerera kuchokera kodya msipu.

M'pakimo mulinso ntchentche za kashembe, zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Ntchentchezi zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa zamanja aatali. Mukamva malungo kapena kuona chotupa pamene zinakulumani, pitani kuchipatala msanga ndipo muuze adokotala kumene munayenda.

Kasungu alibe nyanja, koma wofuna kuyenda pamchenga akhoza kutsata msewu wa M18 wopita ku Nkhotakota. Msewuwo umadutsa m'nkhalango ina yosungirako nyama, kumene kutsika galimoto n'kuyamba kuyenda nokha n'koopsa. Mukafika kunyanja, funsani asodzi magombe amene kulibe ng'ona musanayambe kuyenda m'mphepete mwa madzi, ndipo mupewe malo a bango ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja.