Konkire wakale musamutaye, mumuphwanye pomwepo

Ine ndikapatsidwa ntchito yochotsa msewu wa konkire, sindiitana malole kuti akataye zidutswa zake. Ndimabweretsa makina ophwanya oyenda okha, n'kuwaimika pambali pa msewuwo, kuti miyala yophwanyidwayo tiiyale pansi pa msewu watsopano.

Yambani ndi nyundo ya pa katapila, muswe konkire m'zidutswa zokwana kukamwa kwa makinawo. Ponyamula, woyendetsa asakokere dothi la pansi. Ili ndi vuto lomwe linandipweteka ulendo wina: dongo linalowa m'makina, sefa yosefa miyala inatsekeka, tinataya tsiku lonse tikukokolola ndi manja.

Zitsulo zazitali za m'kati mwa konkire ziduleni musanaponye m'makina, chifukwa zimang'amba lamba wonyamula miyala. Zing'onozing'ono maginito omwe ali pamwamba pa lamba azikoka okha. Ziunjikeni, ogula zitsulo zakale salephera kubwera.

Ine ndimatchera makina kuti miyala izituluka yosapitirira mamilimita 40. Yotsala pa sefa ibwerere m'makina ikaphwanyidwenso.

Fumbi la konkire limawononga mapapo, choncho mpope uziwaza madzi nthawi yonse, ndipo anyamata avale zotseka mphuno.

Poyala miyalayi pansi pa msewu watsopano, thirani madzi ambiri kuposa pa miyala ya ku kwale, chifukwa simenti yakale imamwa kwambiri. Kenako tsindirani pang'onopang'ono, mzere ndi mzere.